Kompyuta ya pashopu iyenera kudziwa kuiwala

Pa 9 Ogasiti 2025 anthu amene amakonza Debian, dongosolo laulere la Linux loyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, anatulutsa mtundu wake wa nambala 13, umene anautcha trixie. Anasintha zambiri, koma pali chimodzi chimene ambiri sanachione n'komwe. Foda ya /tmp, mmene mapulogalamu amaponyamo mafayilo akanthawi, siikhalanso pa disiki. Tsopano ikukhala mu RAM, memori imene kompyuta imagwiriramo ntchito ikakhala yoyaka, ndipo kompyuta ikangozima, zonse zimene zinali mmenemo zapita, sizibweranso.

Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ku Mozambique. Makasitomala anga ambiri ndi eni timashopu ta fotokope ndi kutayipa makalata, aphunzitsi, ndi ophunzira a zaulimi a ku yunivesite ya UniZambeze amene amabwera ndi malaputopu ogula pa kaunjika. Kuyambira pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ntchito yoika Linux yandichulukira, chifukwa makina ambiri a kuno Windows 11 sangayinyamule. Ndiye nkhani ya /tmp imeneyi kwa ine si ya m'nyuzi ayi, ndimakumana nayo pa tebulo langa. Maganizo anga ndi akuti a Debian anachita bwino, ngakhale kuti chifukwa chimene ndikuwayamikirira si chimene ambiri amatchula. Komanso pali makina ena kuno amene kusinthaku kumawapweteka, ndipo zimenezo ndizinena mosabisa.

Poyamba tione mmene zimayendera. Mukatsegula kalata mu LibreOffice, mukamamasula fayilo ya zip, mukamaika pulogalamu yatsopano, makina amafuna poika tinthu takanthawi, timene ntchito ikatha tilibenso phindu. Malo ake ndi /tmp. Kunyumba timati chimanga chimakhala m'nkhokwe, koma chimene mukupeta lero chimakhala pa lichero, ndipo mukamaliza mumakutumula lichero n'kulipachika. Disiki ndiye nkhokwe, RAM ndiye lichero. Kwa zaka zambiri Debian inkaika gaga wa tsikulo m'nkhokwe n'kumakamusesa m'mawa kompyuta ikamayaka. Tsopano akusiyidwa pa lichero pomwepo.

Chimene chimagwira ntchito imeneyi mu Linux chimatchedwa tmpfs. Kwa pulogalamu chimaoneka ngati foda wamba, koma pansi pake palibe disiki. Anthu ena amaopa kuti chimalanda RAM kompyuta ikangoyaka. Sichitero. Foda ikakhala yopanda kanthu sichidya kanthu, chimakula fayilo ikalowa n'kuphwa fayilo ikachoka. Chili ndi malire okha, ndipo ngati simunachiuze zina, malirewo ndi theka la RAM yonse. Pa makina a 8 GB ndiye kuti /tmp singapitirire 4 GB. RAM ikathina, kernel, imene ndi mtima wa Linux woyendetsa makina onse, imatha kukankhira zina mwa zimenezo ku swap, malo a pa disiki amene amabwerekedwa RAM ikachepa. Mfundo ya swap imeneyi muisunge, ibweranso.

Si nzeru yatsopano. Dongosolo la Solaris la kampani ya Sun linkachita zimenezi kalekale, ndipo Linux yakhala ndi tmpfs kuyambira pa kernel 2.4 ya mu 2001. Fedora, imene ndi Linux ina, inasamutsira /tmp mu RAM mu 2013 ndi mtundu wake wa 18, Arch Linux nayonso imatero. Debian yeniyeniyo inayesapo mu 2012, anthu anakangana kwambiri, n'kubwerera m'mbuyo. Ndipo amene akuti iwo tmpfs sakuifuna adziwe kuti ali nayo kale, pakuti /run ndi /dev/shm pa makina awo zili mu RAM kuyambira kale.

Chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi liwiro. N'zoona kuti RAM imathamanga kuposa disiki, makamaka madisiki ozungulira aja amene adzaza m'makina a kuno. Koma ine liwiroli silinditenga mtima kwenikweni. Linux ikauzidwa kulemba fayilo, siithamangira ku disiki nthawi yomweyo. Imayamba yaisunga mu RAM, ndipo mwachizolowezi imadikira pafupifupi masekondi 30 isanaitsitse. Kafayilo kamene kabadwa n'kufa nthawi imeneyi isanakwane nthawi zambiri sikafika n'komwe pa disiki. Choncho munthu wotayipa kalata yofunsira ntchito sadzamva kusiyana kulikonse.

Chifukwa china ndi kutha kwa disiki. Ichi chili ndi nzeru pa timakina ta Raspberry Pi, timene timayendera memori khadi ngati ya mu foni. Makhadi amenewa amatopa ndi kulembedwalembedwa, ndipo aliyense amene anaikapo kamakina kotere pa sukulu akudziwa kuti chimayamba kufa ndi khadi. Pamenepo kuchotsa /tmp pa khadi n'kuthandiza ndithu. Koma pa SSD yabwinobwino, disiki yamakono yosazungulira, timafayilo ta /tmp si timene tingaimalize.

Changa chifukwa ndi china, ndipo chimachokera pa zimene ndimaona m'mashopu.

Pitani pa shopu iliyonse ya fotokope kuno nthawi ya matrícula, chaka cha sukulu chikamayamba. Mzere umafika panja. Mayi wabwera ndi cédula, chiphaso cha kubadwa cha mwana, atakulunga mu pulasitiki ya shuga kuti isanyowe. Mnyamata wabwera ndi BI yake, chiphaso cha unzika, ndi NUIT, nambala ya msonkho, akufuna kulembetsa ntchito ku Moatize. Bambo wachikulire watulutsa mapepala a munda m'thumba la jekete, akuwawongola ndi chikhatho pa kauntala. Wina ali ndi kalata ya kuchipatala, waipinda kuti dzina la matenda lisaoneke, ndipo akuyang'ana kumbali pamene mtsikana wa pa makina akuifunyulula. Anthu onsewa akupereka mapepala awo kwa mphindi zochepa chabe. M'mutu mwawo, akalandira kope yawo n'kulipira, nkhani yatha. Sadziwa kuti pepala limene lajambulidwa ndi sikana, kapena limene atumiza pa WhatsApp kuti lipulintidwe, latsala m'kompyutamo.

Mwini shopu wosamala amafufuta madzulo. Koma kufufuta pa disiki yozungulira sikuchotsa kanthu kwenikweni. Kumangochotsa dzina la fayilo pa mndandanda n'kulengeza kuti malowo ndi aulere, pomwe zenizenizo zili pomwepo mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec imene ndimagwiritsa ntchito munthu akandibweretsera disiki akulira kuti zithunzi za ukwati wake zasowa. Imayenda pa disiki yonse kutola chilichonse chooneka ngati chithunzi kapena PDF, osafunsa kuti n'cha yani. Tsiku lina mphunzitsi wina anandibweretsera laputopu imene anagula kwa munthu, atafufuta mwangozi zithunzi za ana ake. Ndinayatsa pulogalamuyo n'kupita kukadya. Pobwera ndinapeza zithunzi za anawo zilipo ndithu, koma pakati pake panali nkhope za anthu achilendo mbwee, ma BI kutsogolo ndi kumbuyo, masatifiketi, makalata a ngongole okhala ndi siginecha. Laputopuyo inali itagwirapo ntchito pa shopu ina, kaya kuti. Mphunzitsiyo anangoti kukamwa yasa. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti yanganso BI ili m'makompyuta a anthu chonchi?" Ndinamuyankha kuti mwina ili m'mashopu onse amene anapangitsako fotokope ya pa sikana.

Makina a kuno sakhala pamodzi. Shopu ikagwa, kompyuta imagulitsidwa. Ina imatsikira ku Tete pa chapa, minibasi ya kuno, ina imaoloka malire pa Calómuè kupita ku Dedza, ina imathera kwa wokonza ngati ine kuti achotsemo zida. Masiku ano BI ndi imene munthu amalembetsera nambala ya foni, ndipo pa nambala ya foni ndi pamene pali ndalama zake za M-Pesa kapena e-Mola. Kope ya chiphaso cha munthu m'manja mwa wakuba si chinthu chochepa.

RAM ilibe khalidwe limeneli. Magetsi akachoka, zimene inasunga zimazimiririka, ndipo PhotoRec ilibe poyambira. Pa ntchito zambiri kumeneku n'kufooka kwa RAM, koma pa shopu imene imagwira mapepala a anthu ena tsiku lonse, ndi khalidwe limene ndikulifuna. N'chifukwa chake ndinasangalala ndi zimene a Debian anachita. Timafayilo timene mapulogalamu amasiya m'mbuyo akamatsegula kalata ya munthu sitikhalanso pa disiki kudikira wodzatitola.

Koma /tmp payokha siikwanira, ndipo pano ndi pamene ntchito yanga yeniyeni imayambira. Mtsikana wa pa makina akajambula BI, saisunga mu /tmp. Amaisunga pa Desktop kapena mu Documentos. Za pa WhatsApp zimagwera mu foda ya zotsitsa. Ndiye chimene ndimachita n'kutenga nzeru yomweyo ya tmpfs n'kuipanga foda ina yooneka ndi maso, imene ndimaitcha alendo. Mu fayilo ya /etc/fstab, imene imauza makina mafoda oti akonze akamayaka, ndimaonjezera mzere uwu:

tmpfs /home/shopu/alendo tmpfs size=300M,uid=1000,mode=700,noswap 0 0

Kenako ndimauza pulogalamu ya sikana ndi bulawuza kuti zonse zizigwera mmenemo. Liwu lakuti noswap pa mzerewo ndi lofunika. Ndinanena kuti RAM ikathina kernel imakankhira zina ku swap, ndipo swap ili pa disiki, kutanthauza kuti BI ija ikhoza kukafika kumene timaithawitsako. Kuyambira pa kernel 6.4 ya mu 2023 tmpfs ikhoza kuletsedwa kupita ku swap, ndipo Debian 13 imabwera ndi 6.12, choncho zimatheka. Madzulo akatseka shopu n'kuzimitsa makina, foda ya alendo imakhala mbee popanda wina kukumbukira kufufuta.

Tsopano mbali yowawa. Amene anagamula za theka la RAM ambiri amagwira ntchito pa makina a 16 GB kapena 32 GB. Kuno 4 GB ndi makina abwino, ndipo a 2 GB akadali ambiri. Vuto lake lili apa: pali mapulogalamu amene amathawira ku /tmp chifukwa chakuti RAM yawachepera. Lamulo la sort, likapatsidwa fayilo yaikulu kuposa imene lingaigwire, limaiduladula n'kuika zidutswa mu /tmp. ImageMagick, imene ambiri timasonkhanitsira masamba ojambulidwa kukhala PDF imodzi, imachitanso chimodzimodzi. Mapulogalamu amenewa analembedwa ndi chikhulupiriro chakuti /tmp ndi disiki. Mukaisamutsira mu RAM, ndiye kuti akuthawa RAM n'kukagweranso mu RAM momwemo.

Tiwerengere limodzi. Tsamba la A4 lojambulidwa ndi mitundu pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Likamasulidwa kuti pulogalamu iligwire, limadya pafupifupi 26 MB, ngakhale kuti fayilo yake ya JPEG imaoneka yaing'ono. Masamba 40 ndiye kuti adutsa kale 1 GB. Pa laputopu ya 2 GB, malire a /tmp ndi 1 GB yomweyo, ndipo mbali yotsalayo akulimbirana bulawuza, LibreOffice ndi dongosolo lenilenilo. Ndinazionera pa makina a wophunzira wina amene ankasonkhanitsa zakumapeto za monografia yake, lipoti la kafukufuku womalizira maphunziro: masamba a mafunso amene alimi a mbatatesi ku Tsangano anayankha pamanja. Kamuvi ka mawusi kanayamba kudumphadumpha, kenako kanaima njii. Kagetsi ka disiki kanangoyaka osaphethira, chifukwa makina anali kalikiliki kutaya zinthu ku swap n'kuzitolanso. Patapita nthawi bulawuza inangotsekeka yokha.

Kutsekeka kumeneko kuli ndi mwini wake. RAM ikatheratu, kernel imasankha pulogalamu imodzi n'kuipha kuti ena apume. Pulogalamu ikafa, RAM imene inagwira imamasuka. Koma mafayilo a mu tmpfs sali m'manja mwa pulogalamu iliyonse, ndi mafayilo basi, amakhalabe pomwepo mpaka wina awafufute. Choncho kernel ikhoza kupha bulawuza yosalakwa, malo osapezekabe, n'kupitanso kwa ina. Pamene /tmp inali pa disiki, ntchito yomweyi ikanayenda mwaulesi koma ikanatha. Amene anakana kusinthaku mu 2012 ankanena zinthu ngati zimenezi, ndipo pa makina ang'onoang'ono sananame.

Pali funso limene eni mashopu amandifunsa nthawi zonse, la magetsi. Nyengo ya mvula kuno mphezi ikang'anima magetsi amatha kuthima kangapo pa tsiku, ndipo makompyuta a pa tebulo ambiri alibe batire. Kodi ntchito siitayika? Kunena zoona, pa /tmp palibe chachikulu chimene chasintha, chifukwa Debian inkasesa kale foda imeneyi nthawi iliyonse makina akamayaka. Lamulo lakale la kasanjidwe ka mafoda mu Linux limanena momveka kuti pulogalamu isayembekezere kupeza zake mu /tmp, ndipo zofunika kupulumuka makina akazima zipite ku /var/tmp. Kusiyana kulipo kumodzi kokha. Kale munthu akataya kalata yofunika imene inali mu /tmp, ndinkatha kumuuza kuti asayatse makinawo, ndibwere ndi fulashi yanga ndiyatsire pamenepo, ndikaitenge isanasesedwe. Lero njira imeneyo yatsekeka. Zimachitika kwa anthu amene amatsegula kalata kuchokera mu imelo n'kuyamba kuikonza pomwepo osayamba aisunga pa malo awoawo. Amenewo ndimawaphunzitsa kuti chinthu choyamba ndi kusunga mu Documentos, kulemba pambuyo. Dziwaninso kuti Debian 13 yoikidwa mwatsopano imafufuta yokha za mu /tmp zimene zakhala masiku 10 osakhudzidwa, ndi za mu /var/tmp zikafika masiku 30, ngakhale makina asazime.

Ndiye makina akafika pa tebulo langa sindiyamba ndi chikhulupiriro, ndimayamba ndi kuyang'ana. Lamulo la free -h limandiuza RAM imene ilipo, df -h /tmp limandiuza ngati /tmp ili pa tmpfs ndi malire ake. Ngati RAM ndi 8 GB kapena kuposa, sindikhudza kanthu. Ngati ndi 4 GB, ndimatsitsa malire kufika pa 1 GB kudzera pa systemctl edit tmp.mount, chifukwa kuli bwino pulogalamu imodzi idandaule kuti malo atha kusiyana n'kuti makina onse aume. Pa makina otere ndimaikanso zram, imene imapanga swap mkati mwa RAM momwemo pofinya zimene zaikidwamo. Fedora yakhala ikuchita zimenezi kuyambira mu 2020. Imathandiza kwambiri pa zolembalemba, koma pa zithunzi za JPEG musayembekezere zodabwitsa, zinafinyidwa kale. Makina a 2 GB ndiye sindinyengerera, ndimalemba systemctl mask tmp.mount, ndipo akayakanso /tmp yabwerera pa disiki monga kale. Koma ngakhale pa amenewa, kafoda ka alendo kaja ndimakasiya mu RAM, pakuti 300 MB imakwana mapepala a tsiku limodzi, ndipo sikadya kanthu kakakhala kopanda kanthu.

Kwa amene ali ndi ntchito yaikulu ya apo ndi apo, ngati wophunzira uja, palibe chifukwa chogwetsera dongosolo lonse. Mapulogalamu ambiri amamvera TMPDIR, liwu limene limawauza poika mafayilo akanthawi. Mukalemba TMPDIR=/var/tmp patsogolo pa lamulo lanu, zakanthawi za ntchito imeneyo zokha zimapita pa disiki. Monografia ija inatuluka mwa njira imeneyi, pang'onopang'ono koma yathunthu.

Amene anandivutitsa kwambiri pa nkhani ya foda ya alendo ndi mayi ena achikulire amene ali ndi shopu pafupi ndi msika. Nditawafotokozera anapukusa mutu.

"Iyayi mwananga, zimenezo pa ine ayi. Anthu amabwera pano patatha miyezi, akuti mayi, CV yanga ija mundipulintirenso. Ndikawauza kuti inafufutika, mawa apita kwa mnzanga uyo. Kusunga ndiye malonda anga."

Sanalakwe. Anthu ambiri kuno alibe kompyuta kunyumba, fulashi imasowa, foni imabedwa. Shopu ndiyo kabati yawo ya makalata, ndipo mayiwa akhala akuwasungira mokhulupirika kwa zaka. Ndinawayankha kuti, "Mayi, sindikuti musiye kusunga. Ndikungoti mwini pepala ndiye azinena. Amene wati musunge, musunge. Amene sananene, zake zizipita ndi tsiku."

Tinagwirizana zopanga mafoda awiri. Ya alendo ili mu RAM ndipo chilichonse chimayamba kugwera mmenemo. Ina ili pa disiki, ndipo fayilo imapitako pokhapokha mtsikana wa pa makina ataikoka ndi dzanja, atafunsa kaye kuti, "Tikusungireni, kapena ifufutike?" Mayiwa anandiuza pambuyo pake kuti funsoli linawadabwitsa ndi mayankho ake. Pa CV ndi makalata ofunsira ntchito pafupifupi aliyense amati sungani. Pa BI ndi mapepala a kuchipatala anthu amayamba adzidzimuka, chifukwa sankadziwa kuti zimatsala, kenako amati fufutani msanga. Bambo wina akuti anaima pomwepo mpaka ataona ndi maso ake kuti fayilo yachoka.

Ntchitoyi sinathe. Pali malo ena awiri amene makina amasungako zinthu mwakachetechete. Pulogalamu yoonetsa mafoda imapanga tizithunzi tating'ono ta fayilo iliyonse imene yaonetsa n'kutisunga mu .cache/thumbnails, ndipo nkhope ya pa BI imazindikirika ndithu pa kachithunzi koteroko. Foda imeneyonso ndayamba kuiika pa tmpfs, ndi malire a 50 MB. Achiwiri ndi CUPS, imene imayendetsa pulinta. Imasunga kope ya chilichonse chopulintidwa mu /var/spool/cups kwa tsiku lathunthu, kuti munthu athe kupulintanso. Mu /etc/cups/cupsd.conf muli poletsera zimenezi, polemba PreserveJobFiles No, koma fayiloyo imakhala itagonapo kale pa disiki nthawi imene imadikira pulinta, choncho malo amenewonso akufunika kusamutsidwa. Pa makina a mayi aja ndachita kale zonse ziwiri. Mashopu ena a m'tauni muno ndikuwayendera imodzi imodzi, ndipo a ku Dómuè ndidzawafikira mvula ikadukiza.